Nyanja, Nyasa, Nyanza: tsopano zandilowa m'mutu

Mtima wakhala pansi, anzanga. Phunziro la mayina a malo landizunguza mutu kuyambira teremu yatha, koma sabata ino mfundo imodzi yandilowa, ndipo zina zonse zikungoyitsatira.

Za kufika kwa Livingstone kunyanja ya Malawi kuno mu 1859, za dzina la Nyasaland la mu 1907 ndi kusintha kwake kukhala Malawi mu 1964, nonse mukuzidziwa. Vuto linali m'manotsi athu, momwe Nyasa, Niassa ndi Nyanza zalembedwa pamasamba osiyana, lililonse loti uliloweze palokha.

Chomwe chinandimasula ndi njala. Kugombe kuno ku Nkhotakota, mayi wina wachiyao ankatembenuza usipa pathandala, mwana akulira kumsana, ndipo pouza mnzake anatchula liwu loti "sala". Ndinafunsa kuti, "Pepani amayi, sala n'chiyani?" Iwo anati, "Njala, mwanangu," osasiya n'komwe kuyala usipawo. Ndinangoima chilili. Ife timati njala, iwo sala. Ife timati nyanja, iwo nyasa. Pamene ife tili ndi nj, iwo ali ndi s, pamalo omwewo m'mawu onse awiri! Nditafika kunyumba ndinafufuza za Asukuma a ku Tanzania, okhala kumwera kwa nyanja ya Victoria: nzala, nyanza. Abaganda a ku Uganda amati enjala, ennyanja. Liwu ndi limodzi lomweli, lachibantu, kungoti pakamwa pa mtundu uliwonse linapindika m'njira yakeyake, ndipo kupindikako kuli ndi dongosolo.

Ndiye kuti Nyassa amene Livingstone analemba uja silinali dzina la nyanja inoyi ayi, linali liwu lachiyao la nyanja ina iliyonse. Mzungu wina wa ku Britain, Speke, naye atafika kunyanja ya kumpoto ija mu 1858 anamva nyanza, n'kuwonjezerapo dzina la mfumukazi yakwawo, kukhala Victoria Nyanza. Kenya inali ndi chigawo cha Nyanza kufikira 2013, likulu lake Kisumu. Apwitikizi analemba Niassa, ndipo mpaka lero ku Mozambique kuli chigawo cha dzinalo, likulu lake Lichinga. Anzathu a ku Tanzania amati Ziwa Nyasa. Ngakhale ifeyo tili momwemo: amene tinkatchedwa Anyanja, Ayao ankati Anyasa, ndipo chiyankhulo ndikulembachi chinali Chinyanja kufikira 1968, pomwe ku Zambia dzinalo likadalipo.

Njira yanga tsopano ndi imodzi basi. Ndimatenga rula, n'kudula mizere m'kope, mzere uliwonse chiyankhulo chake, kenaka n'kundandalika mawu wamba monga njala, mvula, njoka, kuti ndione pomwe zilembo zikusinthana. Kunena zoona, ndikuona kuti palibe njira ina yoposa imeneyi, ndipo aphunzitsi akadatiyambitsa nayo, theka la zoloweza lija silikadafunika.

Apa ndi pomwe mtima umandiwawa. Zaka zonsezi m'kalasi tinkangouzidwa kuti mzungu "anatulukira" nyanja, chonsecho tikutuluka m'kalasimo n'kukasamba m'nyanja yomweyo. M'kalasi mwathu munali Ayao, Atonga, ena odziwa Chiswahili chifukwa cha mbiri ya a Jumbe, amalonda achiswahili amene ankalamulira kuno, koma palibe mphunzitsi anatifunsapo kuti kwanu nyanja mumati chiyani. Funso la mphindi ziwiri! Ndikafunsa zoterezi amati nthawi yatha, silabasi ndi yayitali. Ine ndemwe nthawi ikundithawa, mayeso ali pafupi, ndipo ndikuwerenga usiku ndikachoka kumunda.

Chikundisowetsabe mtendere n'china. Ngati liwuli ndi la tonsefe, kuyambira ku Uganda mpaka kuno, munthu wa ku Mbamba Bay ku Tanzania akandiuza kuti kwa iye nyanjayi ndi Nyasa, ndimuyankha bwanji? Dzina loti Malawi ndimalikonda, ndi lathu, koma mizere ya m'kope mwanga siikundiuza kuti iye walakwa. Kapena ndikufuna kuti njirayi iyankhe funso lomwe si lake, kaya. Pamenepo sindinafikepo.