Zikomo nonse, chiliza cha achimwene tavundukula

Abale anga, Loweruka lapitali tavundukula chiliza cha achimwene anga amene anatisiya ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, usiku uja matope ndi miyala zinatsika mphiri la Soche nkukokolola nyumba ku Chilobwe. Ndati ndilembe pano poti sindingakufikeni mmodzimmodzi.

Anyamata a mmudzi munakumba ndi makasu, ena ndi manja enieni mvula ikadagwa, zikomo. Mabanja ena mpaka lero abale awo sanawapeze, ife tinaika wathu mmanda chifukwa cha inu.

Chomwe ambiri simukudziwa nchoti amene anakawazindikira ku mochale ya ku Queens ndinali ine, ndiye nkhope ija, matope mkamwa ndi mmakutu, inandikanirira mmaso. Sikuti maloto ayi, masanasana ndikuvundula nsima, kaya ndili mu minibasi, olo mtchalitchi nyimbo ili mkati imangotulukira basi, mtima nkuyamba kuthamanga thukuta kamukamu. Mvula ikangoyamba pamalata ndinkadzuka nkukhala tsonga mpaka kucha. Chowawa kwambiri, nkhope yawo yeniyeni ija yoseka ndinkati ndikaifuna osabwera. Ena ankati ndi mzimu wawo ukudandaula, ena "limba mtima zinapita izo", sindikukudani ayi koma mawu amenewo sachotsa kanthu mmutu mwa munthu.

Ndiye ndithokoze mwapadera amayi a Mvano awiri aja munkabwera kumagona kwathu nyengo ya mvula osandifunsa zambiri, inu mukudzidziwa. Ndithokozenso asisi a uphungu kuchipatala, munandiuza kuti si misala komanso si ufiti, ubongo ukaona choopsa umachibweza wokha ndipo ukamalimbana nacho kuti chichoke mpomwe chimabwera mwamphamvu. Munandiphunzitsa kuponda pansi, kupuma pang'onopang'ono nkumatchula zinthu zomwe ndikuona mchipindamo, poyamba ndinkaona ngati zachibwana eti, koma zimandithandiza. Alamu anga, inu amene chisoni chanu chimaposa changa, munanditumizira kavidiyo ka achimwene akuvina paukwati wa msuweni wathu nsapato ili mmanja, ndinalira koma ndinasekanso.

Chithunzi chija chimabwerabe nthawi zina, sindiname, koma pano ndikugona ndipo kugeni ndinabwerera.

A gulu la pa WhatsApp munasonkha za simenti ndi thiransipoti, ndalama yotsalayo tagwirizana ipite ku fizi ya ana amasiyewa teremu ikubwerayi. Ambuye akudalitseni nonse.