Zomwe ndinaphunzira pa funso la kusuntha chisankho

Phunziro la mphamvu zapadera zomwe boma limatenga pa nthawi yangozi tinalichita m'chaka choyamba ku yunivesite, ndipo ndinakhoza bwino. Ndinaloweza kuti nthambi za boma ndi zitatu, kuti iliyonse imayang'anira inzake, komanso kuti kukagwa nkhondo kapena mliri mtsogoleri atha kupatsidwa mphamvu zoonjezera kwa kanthawi. Zonsezi zinali m'mutu mokha. Mumtima sizinkandikhudza.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO litalengeza pa 11 March 2020 kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, makalasi anatsekedwa ndipo tinayamba kuphunzira pa intaneti. Mawu a aphunzitsi ankadukaduka, anzathu ena ankatha sabata osaoneka. Koma nkhani za tsiku ndi tsiku zinasanduka buku lathu, chifukwa zomwe tinkawerenga usiku tinkazimva pa wailesi kukacha.

Aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yoti tilembe: kodi nkoyenera kusuntha tsiku la chisankho chifukwa cha mliri? Ndinayankha mwachangu kuti ayi, ndipo umboni ndinali nawo. Dziko la South Korea linachititsa chisankho cha aphungu pa 15 April 2020, anthu akuyezedwa kutentha kwa thupi pakhomo, atavala zotchinga pakamwa ndi pamphuno komanso magolovesi. Anthu 66 mwa 100 alionse olembetsa anaponya voti, chiwerengero chomwe sichinaonekeko pa chisankho cha aphungu kuyambira 1992. Mbali inayi ndinaika Ethiopia, yomwe inaimitsa chisankho cha August 2020. Chigawo cha Tigray chinakana, nkuchititsa chakechake mu September, ndipo pofika November kunabuka nkhondo. Mkanganowo unali ndi mizu yakale, koma kuimitsa chisankho kunathira mafuta pamoto. Ndinkaona ngati nkhani ndaitsiriza.

Pepala langa linabwerera ndi funso limodzi pansi pake: "Nanga za New Zealand mwaziganizira?"

Sindinaziganizire. Matenda atayambanso mumzinda wa Auckland, nduna yaikulu Jacinda Ardern anasuntha chisankho kuchoka pa 19 September kufika pa 17 October 2020. Anayamba wakambirana ndi zipani zina, ndipo otsutsa enieniwo ankafuna kuti tsikulo lisunthidwe kuti apeze mpata wokopa anthu. Anatchula tsiku latsopano poyera, nanena kuti salisinthanso. Ku Ethiopia kunalibe tsiku. Nthawi ya olamulira inatalikitsidwa mpaka patadzapita miyezi ingapo kuchokera pomwe akuluakulu azaumoyo adzanene kuti mliri watha, chonsecho akuluakuluwo ali pansi pa boma lomwelo. Maiko onse awiri anasuntha chisankho, koma zomwe anachita sizikufanana ngakhale pang'ono. Ndinakhala usiku wonse ndikuwerenga za maiko awiriwa, ndipo ndipamene ndinazindikira kuti ndinkayankha funso laling'ono. Lalikulu ndi lakuti: ndani akuganiza kuti ino ndi nthawi yangozi, idzatha liti, ndipo alipo amene angamuuze kuti basi?

Nditayamba kufunsa chotero, nkhani zina zinayamba kumveka. Pa 30 March 2020 nyumba ya malamulo ya Hungary inalola nduna yaikulu Viktor Orbán kulamulira pongopereka malamulo yekha, popanda tsiku lothera, ndipo lamulo lomwelo linaika chilango chofika zaka 5 m'ndende kwa wofalitsa zabodza zosokoneza ntchito yolimbana ndi mliri. Mphamvuzo zinachotsedwa mu June, koma kwa miyezi imeneyo zonse zinadalira kufuna kwa chipani cholamula. Ku Uganda, Bobi Wine, wotsutsa boma yemwe ankapikisana nawo pa chisankho cha pulezidenti, anamangidwa mu November 2020 pomuganizira kuti waphwanya malamulo a Covid-19 pa misonkhano yake, ndipo anthu oposa 50 anaphedwa pa zionetsero zotsatira. Lamulo loti anthu asadzadzane ndi labwino, ine ndimalivomereza ndi mtima wonse. Zimandipweteka kuliona likusanduka chikwapu m'manja mwa amene akupikisana nawo pa chisankho chomwecho.

Nkhani yomwe inandivuta kuposa zonse ndi ya Malawi. Pa 17 April 2020 Bwalo Lalikulu linapereka chiletso pa m'bindikiro wa masiku 21 womwe boma linakonza, odandaula atanena kuti palibe chomwe chakonzedwa chothandizira anthu omwe amadya zomwe apeza tsiku lomwelo. Monga wophunzira zandale ndinasangalala, poti apa khoti linauzadi boma kuti imani. Koma mnzanga wophunzira zaudokotala anandifunsa pa foni kuti, "Iwe, matendawa akanafala ngati ku Italy, ukanasangalalabe?" Ndinasowa chonena. Oweruza si madotolo, ndipo mphamvu yoletsa boma ikhozanso kulakwitsa. Ndimakhulupirirabe kuti boma lotsekera anthu m'nyumba liyenera kuyankha kaye kuti adya chiyani, ndipo payenera kukhala malo ofunsira funsolo. Komabe sindinenanso mopepuka ngati kale, chifukwa mbali zonse ziwiri pali miyoyo ya anthu.

Pepala lija ndinalilembanso kuyambira pachiyambi. Linatuluka lalifupi kuposa loyamba, ndipo ndinachotsamo "ayi" wanga. M'malo mwake ndinayerekeza New Zealand ndi Ethiopia: amene anafunsidwa maganizo, tsiku lomwe linatchulidwa, ndi bwalo lomwe likanatha kukana. Aphunzitsi anandiyankha kuti ndiganizire zodzafufuza nkhaniyi mozama m'chaka chomaliza, ndipo ndayamba kale kusonkhanitsa malamulo a nthawi yangozi a maiko osiyanasiyana. Lililonse ndikalitsekula, ndimathamangira kumapeto kukaona ngati alembamo tsiku lothera.