Tsiku lomwe ndinagwadira mlambe

Chimfine cha mwezi wa Okutobala kuchigwa kuno sichiona nkhope. Chinandigwira tsiku lomwe tinkapita ku Bangula kukapereka malowolo a mng'ono wanga, ndipo pabanja ponse wodziwa chiwongolero ndine ndekha. Pikapu inali yobwereka. Kutsogolo kunakhala atsibweni ndi azakhali, kumbuyo mkwati ndi mbuzi ziwiri.

Tisananyamuke pa Nchalo ndinalowa m'golosale. Ndinameza mibulu iwiri ya chimfine, ndikuwonjezera ma Piriton awiri kuti mphuno iume msanga, kenaka mankhwala a chifuwa amadzi aja ndinangogugudiza m'botolo momwemo, supuni kunalibe. Ndinatuluka ndikudzimva ngati dokotala.

Mankhwala amtunduwu amayamba kugwira pakatha theka la ola kapena ola lathunthu, ndiye poyamba zonse zinali myaa. Kuyetsemula kunaleka. Koma tikuyandikira Ngabu m'kamwa munauma gwaa, zikope zinalemera ngati wazipachika njerwa, ndipo njinga imodzi ya kabaza ndinkayiona ziwiri. Ndinatsitsa galasi kuti kamphepo kanditsitsimutse, koma amene anakhalako kuno m'chilimwe akudziwa: kukatentha madigiri 40, mphepo yolowa pawindo imakhala ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Atsibweni ankalankhula za mitengo ya ng'ombe, ine ndikungoti "eya, eya" pa chilichonse. Ndinadzamva pambuyo pake kuti pa "eya" wina ndinavomera kugula ng'ombe imodzi ya malowolo ndekha.

Titangodutsa Ngabu, ng'ombe zinadula msewu. Ndinaima bwinobwino. Cholakwa changa chinali ichi: m'malo mochotsa giya ndi kukoka hendibuleki, ndinasiya giya yoyamba, phazi lili pa kalachi, ndikudikira kuti gulu lithe. Ng'ombe za ku Ngabu sizithamangira munthu. Ndinawerenga mpaka ya nambala 14, ya 15 ndinakaiona kutulo.

Phazi linatsetsereka. Galimoto ya petulo mwina ikanangodumpha nkuzima, koma ya dizilo pa giya yoyamba imayenda yokha ngati ngolo. Inatsika paphula, kulowa m'munda wa thonje wokolola kale, kuyenda mwaulemu ndithu, ine mutu uli pa hutala. Azakhali akukuwa, atsibweni akukoka chiwongolero, mbuzi zikuyankha. Tinakaima ndi mlambe, khuu!

Nditatsegula maso ndinaona chinthu chachikulu chotuwa chaima patsogolo panga. Mutu unandiuza kuti tafika. Ndinatsika, kugwada m'fumbi, kuwomba m'manja. "Tabwera, apongozi. Mwaswera bwanji?"

Anyamata oweta ng'ombe anagwa pansi ndi phwete. Azakhali sanaseke. Anandigwira chibwano nkununkhiza m'kamwa. "Mwana iwe, wamwa uchema mamawa uno?"

"Ayi azakhali, ndi mankhwala."

"Akuchita ndani?" anatero atsibweni, atatembenukira kale kumudzi, akuwerenga adani ndi zala.

Mbuzi imodzi inali itadula chingwe. Oweta aja anatigwirira, koma osati mwaulere. Wotifikitsa ku Bangula anali mnyamata wina woyendetsa thirakitala kuminda ya nzimbe, ine atandigoneka kumbuyo pakati pa mkwati ndi mbuzi.

Mlandu wanga anauzenga mkulu wake wa mkwatibwi, yemwe ndi namwino. Anandikhuthulitsa m'matumba, kuyala mapaketi pamphasa anthu onse akuona.

"Alamu, werengani tizilembo iti."

Pa Piriton panalembedwa chlorpheniramine, mamiligalamu 4 m'bulu umodzi. Munthu wamkulu amamwa m'bulu umodzi pa maola 4 mpaka 6, osapitirira isanu ndi umodzi patsiku. Ine ndinamwa iwiri, ndiye 8. Pa paketi ya mibulu ya chimfine ija, pansi pa paracetamol, panali chlorpheniramine yemweyo, 2 pa m'bulu uliwonse. Zonse pamodzi 12, mlingo wa maulendo atatu pakamwa kamodzi. Pabotolo la chifuwa panali diphenhydramine, m'bale wake wogonetsa kuposa iyeyo, ndipo kuchuluka kwake akudziwa ndi Mulungu chifukwa ndinayeza ndi pakhosi.

Anafotokoza kuti mankhwala akale oumitsa mphunowa amakafika ku ubongo, nchifukwa chake amabweretsa tulo, chizungulire ndi maso achimbuuzi. Choopsa nchakuti phazi limachedwa kufika pa buleki mwini wake asanayambe nkuyasamula komwe. Satuluka msanga m'thupi, moti womwa usiku akhoza kudzuka mamawa mutu udakali wolemera. Ukathirapo mowa, ngakhale kapu imodzi, tulo timawirikiza. Tiyi kapena khofi amangokutsegula maso, mankhwala ali m'magazi momwemo.

"Mukanakhala pa liwiro la makilomita 60 pa ola," anatero, "galimoto imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi. Kusinza masekondi atatu ndi mamita 50, theka la bwalo la mpira, popanda woyendetsa. Muthokoze ng'ombe."

Atsibweni anafunsa kuti nanga dalaivala wachimfine atani. Anati akauze wa ku famase kuti ali paulendo. Alipo ena osagonetsa kwambiri, monga loratadine kapena cetirizine, m'bulu umodzi wa mamiligalamu 10 patsiku, ngakhale cetirizine ena amawodzera nayebe, ndiye koyamba uyesere pakhomo tsiku lopanda ulendo. Litsipa lokha, paracetamol payekha sagonetsa, koma osamuphatikiza ndi mibulu ya chimfine yomwe ali kale m'katimo, chifukwa kupitirira mamiligalamu 4,000 patsiku kumawononga chiwindi. Ndipo ngati wameza kale zogonetsazo, makiyi apatse wina.

Ndinati ndidziteteze, kuti chenjezo lotero silinalembedwe paliponse. Anati lili pa kapepala kopinda kam'bokosi la botolo. Ndinapisa m'thumba la malaya kuti ndimutsutse, koma ndinangotulutsa kachidutswa konyowa. Kotsalako mbuzi inali itadya m'njira ndili mtulo.

Zokambirana zonse ndinazigonera pansi pa mtengo wa mango. Tinalipitsidwa chindapusa chofika mochedwa, bampala ndinakonzetsa ndekha, ndipo mpaka lero ana a ku Bangula akandiona amawomba m'manja nkufunsa ngati apongozi a mlambe adzuka bwino. Atsibweni nawo sabata ikatha amaimba foni, kufunsa za ng'ombe ija.