Bala la pachala changa

Lachinayi usiku.

M'mawa uno ndamasula bandeji pachala chimene ndinadzicheka ndi mpeni Lamlungu. Bala latseka. Nkhanambo yauma, ndipo m'mphepete mwake mwayamba kusuzumira khungu latsopano, losalala ngati la khanda. Ndinaliyang'anitsitsa nthawi yaitali. Palibe chimene ine ndinalamula. Magazi anaundana okha, maselo oyera a m'magazi (maselo ndi tizigawo tamoyo ting'onoting'ono topanga thupi) anathamangira pabalapo kukameza mabakiteriya, ena akuluka tiulusi tolumikiza mnofu, mwiniwakene ndili mtulo.

Masana kunabwera achimwene. Ndinawaonetsa chalacho n'kufunsa kuti, "Achimwene, maselowa amawauza ndani kolowera?"

"Mphwanga, zimenezo n'zofunsanso? Ndi Mulungu. Selo ndi njerwa basi, ndipo njerwa siimanga nyumba."

Mulungu ndimamukhulupirira ndi mtima wonse, koma mawu oti njerwawo sanandikhale bwino. Ndinawafotokozera za Stentor, kachilombo ka m'madzi ka selo limodzi lokha, kooneka ngati lipenga, kopanda ubongo ngakhale mtsempha. Mu 1906 wasayansi wa ku America, Herbert Spencer Jennings, analemba zimene anaona atamakathira tiufa tokasowetsa mtendere. Poyamba kamangopindikira kumbali. Ufa ukapitirira, kamasintha kakupizidwe ka titsitsi take kuti kaukankhire kutali. Zikakanika kamadzikhwinyata. Pamapeto pake kamazuka pamene kanamatirira n'kusambira kupita kwina. Ambiri ankakayikira nkhaniyi mpaka mu 2019 pamene ofufuza a ku yunivesite ya Harvard anayesanso n'kupeza zofanana. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti kanthuka kamasiya njira imene yalephera n'kuyesa ina. Njerwa ingatero?

"Ndiye ukuti selo limaganiza ngati munthu?" anatero achimwene.

Ayi, sindikutero. Bakiteriya wotchedwa E. coli akamasaka chakudya amayerekeza kuchuluka kwa chimene akumva tsopano ndi chimene anamva masekondi ochepa apitawo. Chikamachuluka amapitirira kutsogolo, chikamachepa amagubuduka n'kulowera kwina. Amene amagwira ntchitoyi ndi mapuloteni, ndipo asayansi amawadziwa mayina ake. Mulibe kamzimu kobisala m'menemo. Komabe wina akati "ndi makemikolo chabe," ndimakumbukira kuti ubongo umene ndikulembera mawu anowa nawonso ndi maselo otumizirana makemikolo.

Pamene ine ndaima ndi apa: sindikuona chifukwa choti ndisankhepo chimodzi pakati pa Mulungu ndi luso la selo. Mlengi amene anaumba kanthu kotha kumva, kukumbukira pang'ono ndi kusintha njira pakokha amandichititsa nthumanzi kuposa amene akanamakankha selo lililonse ndi chala. Kholo lanzeru silimuyendetsa mwana phazi ndi phazi mpaka kalekale, limamulera kuti adzayende yekha. Achimwene anagwedeza mutu, koma sindikudziwa ngati kunali kuvomera.

Kenaka ndinatchula azakhali athu amene anatisiya chifukwa cha khansa. Mwina sindikanayenera kutero. Khansa ndi selo la munthu mwiniwake limene lasiya kumvera anzake: limangogawikana osaleka, limakana kufa nthawi yake ikakwana, mpaka limakopa mitsempha ya magazi kuti imere n'kumalidyetsa. Luso lomwelo lotseka bala ndi limene linawadya azakhali. Ngati selo limachita zinthu palokha, ndiye kuti lingathenso kusochera palokha. Nanga ngati zonse zinakonzedweratu, ichi tichiike pati?

Achimwene anakhala chete, maso ali pansi. Patapita kanthawi anati, "Paja ankatiimbira nyimbo ali pamphasa, mawu atatha." Inenso ndinalibe choonjezera. Tinapemphera limodzi, ndipo ndinawaperekeza mpaka kumsewu.

Panopa chala chikuyabwa kwambiri. Ndikudziletsa kukanda, kuopa kusokoneza amene akugwira ntchito pansi pa nkhanamboyo.