Printa yaikulu ya pabalaza pathu

Ine ndi bambo a kunyumba timajambula maukwati, zinkhoswe ndi ana omaliza sukulu kuno ku Area 25 ku Lilongwe. Poyamba tinkakatsukitsa zithunzi m'tauni, phindu n'kumathera pa minibasi ndi kwa eni makina. Koma anthu athu chithunzi cha ukwati safuna chongokhala m'foni. Amafuna chachikulu, cha mu fremu, choti apongozi akalowa m'nyumba achione asanakhale n'komwe pansi. Tinasonkha ndalama pang'onopang'ono mpaka tinagula printa yathuyathu.

Anzathu ambiri ankatilangiza Epson L1800, yothira inki m'timatanki 6, yosindikiza mpaka pa pepala la saizi ya A3+. Pa mtengo ilibe vuto. Inki yake ndi ya dye, ya utoto wosungunuka m'madzi, yowala bwino papepala lonyezimira, koma inki ya mtundu umenewu imasuluka msanga chithunzi chikapachikidwa moyang'ana zenera. Ife tinkafuna ya pigment, ya utoto waufa wosasuluka msanga, yoti ana a mwini chithunzi adzachipeze chikadali chomwecho. Zinatsala ziwiri: Epson SureColor P900 ya inki 10 ndi Canon imagePROGRAF PRO-1000 ya inki 12, zonse zofika pa A2, masentimita 42 ndi 59.4. Tinatenga Canon chifukwa mutu wake wopopera inki ukatopa umauchotsa wekha n'kuikapo wina, osanyamula makina olemera kuposa makilogalamu 30 kukasaka mmisiri.

Ntchito yeniyeni ili pa kuisamalira. Timabowo ta mutuwo n'topyapyala kuposa tsitsi, ndipo printa ikakhala osagwira ntchito inki imaumira momwemo. Ikatero imadzitsuka yokha, ndipo inki yotsukirayo, yomwe tagula ndi ndalama zathu, imakathera m'kabokosi ka zotayika kotchedwa MC-20, komwe nakonso kakadzadza timagula kena. N'chifukwa chake sabata siitha osasindikiza kanthu, ngakhale oda palibe. Tisanaike pepala la A2 timayamba ndi nozzle check, kusindikiza timizere toonera ngati timabowo tonse tikutulutsa inki, papepala wamba. Kamzere kamodzi kakaduka, sitipitiriza.

Fumbi la mu Okutobala ndiye mdani wamkulu. Tikamaliza printayo timaiphimba ndi chitenje, ndipo pabalaza timakolopa, sitisesa. Tinaigulira UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, kuti magetsi akathima mwadzidzidzi tiizimitse bwinobwino, mutu ubwerere pamalo pake potsekedwa, usaume panja. Nthawi ya mvula mapepala amakoka chinyezi n'kupindika, choncho amakhala m'pulasitiki yake, ogona, mpaka tsiku lowagwiritsa ntchito.

Chomwe ndimasamala kwambiri ndi khungu la munthu. Pepala lililonse lili ndi ICC profile yake, fayilo youza kompyuta mmene mitundu imatulukira papepalalo, ndipo ukasankha yolakwika pa kompyuta, mkwatibwi wakuda bwino amatuluka wotuwa kapena wofiirira. Kasitomala sadziwa za profile, koma nkhope ya mkazi wake amaidziwa. Ine ndimayamba ndasindikiza kachigawo ka nkhope papepala laling'ono, n'kutuluka nako pakhonde kukakaona pa kuwala kwa dzuwa. Ndikakhutira m'pamene ndimaika lalikulu.

Makatiriji a printayi, timabokosi ta inki, ndi a mamililita 80, ndipo satha nthawi imodzi. Inki yotuwa ndi ya Chroma Optimizer, yopanda mtundu yosalaza kunyezimira kwa chithunzi, ndi yomwe imatsogola kutha. Timaitanitsa ku Johannesburg kudzera kwa achimwene amene amakhala kumeneko, iwo n'kutumiza pa basi. Popeza maukwati amachuluka kumapeto kwa chaka, oda ya inki timaiperekeratu mu Seputembala.