Mbedza ya nthenga pa mtsinje wa Bua

Mwera ukayamba kuwomba mu June, asodzi kuno ku Nkhotakota amakokera mabwato kumtunda n'kumaothera dzuwa. Nthawi imeneyi ndi ya mpasa. Imachoka m'nyanja n'kukwera Bua kukaikira mazira pa nsangalabwi, pamene madzi ayera mbee.

Chaka chatha ndinaperekeza mzungu wina wa ku Scotland. Anali atadutsa kale ku Zomba ndi ku Nyika kukawedza nsomba za trout, zomwe atsamunda anaika m'mitsinje yozizira ya kumapiri. Kwathu kuno n'kotentha, trout singakhaleko, ndiye iye ankafuna mpasa. Tinalowa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota ndi mlonda wa mfuti. Chitengereni malowa a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks mu 2015, sungangolowa ngati kudimba kwako.

Atatsegula kabokosi ka nyambo ndinangoti kukamwa yasa. Nyongolotsi munalibe, usipa munalibe. Timbedza tokhatokha, tomangidwa nthenga ndi ulusi wonyezimira, tina ngati kachiwala, tina ngati kansomba.

"Bwana, nsomba idya nthenga?"

Anangoseka. Nyambo yotereyi ndi yopepuka, siiponyeka yokha. Chimene chimalemera ndi chingwe. Amachikupiza m'mwamba, kutsogolo, kumbuyo, mpaka chitatalika, kenako n'kuchigoneka pamadzi mwakachetechete. Nditayesa ine, mbedza inakola nthambi ya mkuyu kumbuyo kwanga. Kachiwiri inakola chipewa changa chomwe. Mlonda uja, amene ankayenera kuyang'anira ng'ona, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Dzuwa litakwera, zala zitasiya kuuma ndi chisanu, ndodo ya mzungu inapindika. Mpasa inathamanga ndi chingwe, iye osakoka, kungoilekerera itope. Itafika m'manja, yonenepa ngati mkono wanga, anachotsa mbedza, n'kuigwira m'madzi pang'ono, n'kuitaya. Ndiwo zija psiti!

Mtima unandiwawa, ndisaname. Malume anga akanakhala moyo akanati tapenga. Iwo ankatchera mono pa Bua pomwepa, ndipo mpasa yowamba sinkasowa pakhomo. Koma masiku ano yachepa. Mitengo inatha kumtunda, matope akukwirira nsangalabwi zija, ena akuthira katupe, ena akukokola ndi maneti a udzudzu ndi tiana tomwe.

Madzulo ndinadzera pamsika n'kugula usipa wouma. Mayi akunyumba anasuzumira m'jumbo, n'kundiyang'ana.

"Tsiku lonse ku Bua, abambo, mpasa yake ndi imeneyi?"