Mafuta a Ndege pa Ola: Nambala Yosakhazikika

Phunziro lokonza dongosolo la ulendo wa ndege, lomwe ndikuchita miyezi ino, lafika pa mutu wa mafuta, ndipo mutu umenewu wandikoka kuposa ina yonse. Funso lake ndi lalifupi: ndege yonyamula anthu imamwa mafuta ochuluka bwanji pa ola? Manambala alipo. Boeing 737-800, mtundu womwe Malawi Airlines ili nawo, ikakhazikika m'mwamba imamwa pafupifupi makilogalamu 2,500 pa ola. Dash 8 Q400, ya mapulopela ija timaiona pa Chileka, imamwa pafupifupi tani imodzi. Boeing 787-8 imamwa matani 5 kapena kupitirira pang'ono, Boeing 747-400 oposa 10, ndipo Airbus A380 imafika pa 12. Kunena za 747, sekondi iliyonse malita oposa 3 amakhala apita.

Mwaona kuti ndikuwerenga m'makilogalamu, osati m'malita monga timachitira pothira mafuta m'galimoto. Mafuta a ndege, Jet A-1, ndi palafini woyengedwa bwino, ndipo lita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 0.8. Kukatentha amafufuma, kukazizira amanyala, choncho lita ya lero si lita ya mawa. Mphamvu yomwe injini imapeza imatsata kulemera kwa mafutawo, ndiponso mapiko amasenza kulemera, osati malita. Vuto ndi loti wothira mafuta pa bwalo amawerenga malita, pomwe woyendetsa ndege amafuna makilogalamu. Pakati pawo pamakhala masamu, ndipo masamu amenewa anatsala pang'ono kupha anthu 69 pa 23 July 1983. Boeing 767 ya Air Canada, yochokera ku Montreal kupita ku Edmonton, inkafunika makilogalamu 22,300. Powerenga anagwiritsa ntchito 1.77, nambala ya mapaundi (muyeso wina wa kulemera, wosakwana theka la kilogalamu) pa lita, m'malo mwa 0.8, ndipo ndege inanyamuka ndi mapaundi 22,300, osakwana ngakhale theka. Injini zonse ziwiri zinazima ili m'mwamba. Kaputeni Bob Pearson ndi mnzake Maurice Quintal anaitsetserula mpaka kukatera pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli, ndipo palibe anamwalira. Nkhaniyi ndinaiwerenga mtima uli m'mwamba, chifukwa masamu ake ndi omwewo timachita m'kalasi ndi pensulo.

Nambala ya pa ola payokha imanamiza. Tengani 737-800 ija: makilogalamu 2,500 ndi malita pafupifupi 3,100, ndipo pa ola limenelo ndege yayenda makilomita oposa 800. Ngati yanyamula anthu 160, aliyense wawononga malita osakwana 2.5 pa makilomita 100. Koma ikanyamuka ndi anthu 80 okha, mafuta satsika ndi theka ayi; amangochepako pang'ono, ndipo gawo la munthu aliyense limatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Nchifukwa chake mpando wopanda munthu umawapweteka eni ndege.

Gawo lomwe ndakhalapo nthawi yaitali ndi la kulemera. Ndege ikalemera imafuna mphamvu zambiri kuti ikhalebe m'mwamba, ndipo katundu wolemera kwambiri pa ulendo wautali ndi mafuta omwewo. Zili ngati munthu wosenza madzi akumwa pa ulendo wapansi: akachulutsa madzi katundu amalemera, thukuta limachuluka, ndipo ludzu limakula. Lamulo lachidule lomwe taphunzira ndi loti pa makilogalamu 1,000 aliwonse owonjezera, ndege imawotcha makilogalamu 30 mpaka 40 pa ola pongowanyamula. Pa ulendo wa maola 10, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la mafuta owonjezerawo latha ndi kudzinyamula okha.

Choncho ola loyamba ndi ola lomaliza sizifanana. Ponyamuka ndi pokwera, injini zimamwa koposa, ndege ikafika kumwamba komwe mpweya ndi wopepuka, zimabweza moto, potsika zimangonyambita. Ngakhale pakati pa ulendo nambala imatsikabe pang'onopang'ono pamene matanki akupepuka, ndipo oyendetsa amapempha kukwera mwapamwamba masitepe masitepe, chifukwa ndege yopepuka imayenda motchipa kumtunda komwe siikanafika ili yodzaza. Airbus A350-900ULR ya Singapore Airlines, yomwe imauluka maola oposa 18 pakati pa Singapore ndi New York, matanki ake amalowa malita 165,000, koma mipando ndi 161 yokha. Ndege imene imatera ku New York ndi yopepuka ndi matani ochuluka zedi poyerekeza ndi imene inanyamuka.

Izi sizitanthauza kuti wokonza ulendo angochepetsa mafuta mmene akufunira. Malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, amafuna mafuta oyendera pansi, a ulendo weniweni, ena 5 pa 100 aliwonse a ulendowo osungira zadzidzidzi, okafikira ku bwalo lina ngati loyamba latsekedwa, ndiponso a mphindi 30 omwe sayenera kukhudzidwa. Amenewa sakambirana.

Pomwe pali kusankha ndi pa mchitidwe wothira mafuta ochuluka komwe ndi otchipa kuti usakagule ambiri komwe ndi odula. Kwa ife a dziko lopanda doko, omwe mafuta amatipeza atadutsa ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, nkhaniyi ndi yapafupi. Ndinayesa masamu ake pa ulendo wa maola awiri ndi theka, wonga wa Johannesburg kupita ku Lilongwe. Kunyamula makilogalamu 1,000 owonjezera kumawononga pafupifupi 90. Ngati komwe ukupita mtengo ndi wokwera ndi 10 pa 100 kapena kuposa, kampani yapindula. Koma kilogalamu iliyonse ya mafuta ikapsa imatulutsa makilogalamu 3.16 a mpweya wa carbon dioxide, ndiye kuti makilogalamu 90 aja aonjezera pafupifupi 280 mumlengalenga popanda munthu ngakhale mmodzi amene wayenda mtunda woonjezera. European Union inaletsa kuchulutsa mchitidwewu: kuyambira 2025, ndege zonyamuka pa mabwalo ake akuluakulu ziyenera kuthira pomwepo 90 pa 100 ya mafuta omwe zikufuna pa chaka. Ine ndikugwirizana nalo lamulolo kumeneko. Kuno kwathu sindingamudzudzule msanga kaputeni wonyamula mafuta obwerera, chifukwa nthawi zina chomwe akuopa si mtengo, koma kukapeza kuti pa bwalo lomwe watera mafuta ndi osakwanira.